Lumo pa Chithunzi: Tidule Pati, Tisiye Pati?

Masiku ano palibe mwambo umene umatha popanda wina kukweza foni m'mwamba. Pa nikah, pa Idi, pa tsiku limene ana a madrasa akulandira mphoto, ngakhalenso pagombe pamene bwato lafika ndi milamba yambiri, zithunzi zimajambulidwa zosawerengeka. Pofika madzulo zithunzizo zimakhala zafika kale kwa mwana amene ali ku Joni, kwa alamu ku Lilongwe ndi kwa achibale a kutsidya ku Mecanhelas.

Koma tikaziyang'anitsitsa, zambiri mwa izo zimadwala nthenda imodzi. Munthu amene tinkafuna kumuonetsa amaoneka wamng'ono ngati nyerere, pamene thambo, mchenga, njinga ya mlendo ndi chigongono cha munthu wodutsa zatenga malo onse. Mankhwala a nthendayi ali m'foni momwemo. Mukatsegula chithunzi n'kudina pamene alembapo kuti Edit, mupeza kachizindikiro ka ngodya ziwiri zopingasana, kotchedwa Crop. Limeneli ndi lumo lodulira m'mbali mwa chithunzi.

Lumo limeneli ndi losavuta kugwira, koma limafuna nzeru. Wodula chithunzi amasankha chimene chithunzicho chinene kwa ochiona. Choncho lamulo lalikulu ndi ili: tidule zimene zikusokoneza diso, koma tisadule zimene zikachoka nkhani isanduka ina.

Diso limasankha, kamera siisankha

N'chifukwa chiyani chinthu chimene chinali chokongola pamene tinkachiona chimatuluka chosakoma pa chithunzi? Yankho lake ndi lakale ndithu. Ibn al-Haytham, katswiri wobadwira ku Basra amene anakhala zaka zambiri ku Cairo, analemba buku la kaonedwe ka zinthu lotchedwa Kitab al-Manazir pakati pa 1011 ndi 1021. Iye anaonetsa kuti timaona chifukwa kuwala kumachokera pa zinthu n'kulowa m'diso, ndipo anayesa zimenezi polowetsa kuwala m'chipinda cha mdima kudzera pa kabowo. Kamera iliyonse imagwira ntchito mwa njira yomweyo. Koma katswiriyu anaphunzitsanso kuti kuona sikuthera m'diso. Maganizo ndiwo amazindikira ndi kuweruza zimene diso lalandira.

Apa ndi pamene tasiyana ndi kamera. Mayi akamayang'ana mwana wake pakati pa ana makumi anayi, amaona mwana wakeyo basi. Kamera ilibe mwana. Imatenga ana onse mofanana, pamodzi ndi chidebe chimene chili pakhonde ndi chingwe choyanikapo zovala. Podula chithunzi timakhala tikuchita ntchito imene maganizo athu anachita kale pamene tinali pamalopo.

Akuluakulu akukumbukira nthawi ya filimu, pamene wojambula ankayenda pa njinga m'midzi ya kwa Ngokwe, kwa Chikweo ndi ku Nayuchi, n'kupita ndi filimuyo kutauni kukatsukitsa. Munthu ankadikira masabata, ndipo chimene chatuluka ankangochilandira. Wofuna kuchotsapo kanthu ankatenga lumo lenileni, ndipo akalakwitsa kunalibe pobwerera. Lero mwayi umene unali wa eni situdiyo okha uli m'manja mwa aliyense.

Funso loyamba: chithunzichi chikunena za yani?

Musanakhudze ngodya iliyonse, yankhani funso ili ndi chiganizo chimodzi. Mukalephera kuyankha, ndiye kuti wochilandiranso alephera kudziwa poyang'ana.

Tiyerekeze kuti mwajambula bambo akusoka ukonde pansi pa mtengo pagombe la Dinji. M'chithunzi chimodzichi muli zithunzi zitatu. Ngati nkhani ndi bambowo, dulani mpaka nkhope ndi mapewa zidzaze malo, kuti mwana wawo ku Joni aone kuti bambo ake ali bwino. Ngati nkhani ndi luso lawo, siyani manja ndi ukonde, thambo lonse lichoke. Ngati nkhani ndi kwathu kuno, musadule kwambiri: siyani mtengo, mabwato ndi bango, bambowo akhale mbali imodzi. Zonse zitatu ndi zabwino, koma simunganene zonse nthawi imodzi.

Mukayankha funsoli, yendetsani diso m'mphepete monse mwa chithunzi, monga mlimi amayendera malire a munda wake. Zosokoneza zimakonda kubisala m'mphepete: theka la nkhope ya munthu, phazi lopanda mwini, jumbo yoyera, chikwangwani cha malonda. Diso la munthu limathamangira chinthu chowala, chinthu chofiira ndi zolembalemba. Jumbo imodzi yoyera pakona ikhoza kulanda ulemu wonse wa mkwatibwi.

Mzere wa madzi ndi thambo

Ife a kunyanja tili ndi vuto limene a kumapiri alibe. Pa zithunzi zathu zambiri pamakhala mzere wautali pamene madzi akumana ndi thambo. Mzere umenewu ukapendekeka pang'ono chabe, nyanja imaoneka ngati ikukhuthukira mbali imodzi. Pamalo pomwe pali Crop palinso kowongolera chithunzi. Yambani mwawongola mzerewo, kenaka dulani, chifukwa kuwongola kumadyako m'makona.

Chachiwiri, mzerewu usakhale pakati penipeni. Ukagawa chithunzi pawiri mofanana, diso limasowa kolowera. Ngati chokongola ndi mitambo ya mvula kapena kufiira kwa dzuwa potuluka, tsitsani mzerewo kuti thambo litenge magawo awiri mwa atatu. Ngati chokongola ndi mabwato, miono ndi maluwa a m'madzi, ukwezeni kuti madzi ndiwo atenge magawo awiri.

Langizo la magawo atatuli linalembedwa ndi John Thomas Smith wa ku England mu 1797, kamera zisanayambe, pophunzitsa ojambula ndi manja. Mukayamba kudula pa foni, mumaona mizere iwiri yoimirira ndi iwiri yopingasa, yogawa chithunzi m'tizigawo 9. Chinthu chofunika chiikeni pa umodzi wa mizereyo kapena pamene ikumana. Pa chithunzi cha munthu mmodzi, maso akhale pafupi ndi mzere wopingasa wa m'mwamba. Ili ndi langizo chabe. Khomo la mzikiti limene mbali zake ziwiri zikufanana limakoma likakhala pakati, chimodzimodzi nkhope imene ikuyang'ana kamera molunjika.

Msiyireni njira

Bwato likamalowera kumanja, malo ambiri akhale kumanja, kutsogolo kwake. Mukadula pafupi ndi mphuno ya bwato, wopalasayo amaoneka ngati agunda khoma. Chimodzimodzi munthu woyang'ana kumbali: siyani mpata kumene maso ake aloza, dulani kumbuyo kwake. Mwana amene akuwerenga pa ubao wake asiyiridwe ubaowo ndi kampata kutsogolo kwake, chifukwa kumeneko ndi kumene kuli nkhani.

Pamwamba pa mutu pasakhale thambo lambiri, komanso chipewa kapena mpango zisakhudze mphepete. Ambiri pojambula amaika nkhope pakatikati, mapeto ake theka la chithunzi limakhala thambo lopanda kanthu pamene mapazi adulidwa.

Podula thupi la munthu, pewani polumikizana mafupa: pakhosi, pachigongono, pamfundo ya dzanja, pabondo ndi pa akakolo. Mukadula pamenepo, munthu amaoneka ngati wopunduka. Dulani pachifuwa, pamwamba pang'ono pa chiuno kapena pakati pa ntchafu. Ngati mwasankha kuonetsa thupi lonse, mapazi akhalepo onse ndi kadothi pansi pake. Ngati manja akugwira kanthu, monga satifiketi kapena nsomba, zala zioneke zonse.

Zimene akatswiri anachita

Chimodzi mwa zithunzi zodziwika kwambiri padziko lapansi ndi chodulidwa. Pa 5 Marichi 1960, Alberto Korda anajambula Che Guevara mu mzinda wa Havana ku Cuba, pa mwambo wa maliro a anthu amene anafa sitima ya La Coubre itaphulika padoko. Pa filimu yake, kumanzere kunali nkhope ya munthu wina yoonekera chammbali, kumanja kunali masamba a mtengo wa kanjedza. Korda anadula zonse ziwiri n'kusiya nkhope imodzi ndi thambo. Nkhope imeneyi ndi imene timaiona pa malaya a achinyamata m'misika yathu mpaka lero. Munthu wa kumanzereyo ndi masambawo akanatsala, chikanakhala chithunzi wamba cha pamsonkhano.

Koma Henri Cartier-Bresson wa ku France ankakana kuti zithunzi zake zidulidwe. Iye ankakhulupirira kuti wojambula ayenera kusankha malire pa nthawi yojambula, ndipo zithunzi zake zambiri ankazitsukitsa ndi mzere wakuda kuzungulira, kusonyeza kuti palibe chachotsedwa. Komabe chithunzi chake chotchuka cha mu 1932, cha munthu akudumpha chithaphwi kuseri kwa siteshoni ya Saint-Lazare ku Paris, chinadulidwa mbali imodzi, chifukwa anajambulira pa mpata wa mpanda ndipo thabwa linatchinga.

Kwa anthu awiriwa tikuphunzira zinthu ziwiri. Lumo labwino koposa ndi miyendo yanu: sendererani pafupi, dikirani wodutsa adutse, pakuti kuona maso a nkhono n'kudekha. Koma pamene simukanatha kusendera kapena kudikira, kudula si manyazi.

Chithunzi chikupita kuti?

Kadulidwe kamadaliranso kumene chithunzi chikukakhala. Ambiri amadandaula kuti a situdiyo ku Ntaja, ku Liwonde kapena ku Balaka awadulira mitu ya anthu. Kawirikawiri vuto limakhala la miyeso. Kamera za mafoni ambiri zimajambula pa muyeso wa 4 kwa 3, pamene pepala lodziwika la masentimita 10 kwa 15 lili pa muyeso wa 3 kwa 2. Kuti chithunzi chidzaze pepalalo, gawo limodzi mwa magawo 9 a mbali yaifupi liyenera kuchoka. Makina sadziwa kuti amene aima mzere wa kumbuyo ndi amalume. Ngati chithunzi ndi chogoneka, amadula pamwamba ndi pansi; ngati ndi choimirira, amadula m'mbali. Choncho musanapite kukatsukitsa, sankhani nokha muyeso wa 3:2 pa foni, muone chimene chichoke. Pojambula gulu, siyani kampata kuzungulira anthu onse.

Chithunzi cha pa dzina lanu pa WhatsApp chimaoneka chozungulira, ndiye makona onse anayi amabisika. Nkhope ikhale pakati, ndipo anthu asapitirire awiri.

Chithunzi cha pasipoti kapena cha viza ya Haji ndi Umra chili ndi malamulo akeake, ndipo pamenepa luso lathu la magawo atatu siligwira ntchito. Maiko ambiri amatsata muyeso wa mamilimita 35 kwa 45, nkhope pakati, yoyang'ana kutsogolo, mutu utatenga pafupifupi magawo 70 mpaka 80 pa 100 a kutalika kwa chithunzi, kumbuyo kopanda zinthu zina. Miyeso ya maiko ambiri imalola mayi kujambulidwa atavala hijabu, malinga ngati nkhope ikuoneka yonse kuyambira pachibwano mpaka pamphumi. Musadule nkhope pa chithunzi cha paukwati n'kuitumiza ngati ya viza. Funsani muyeso kwa amene akukuyendetserani ulendo, ndipo kajambulitseni chatsopano.

Dziwaninso kuti kudula kuli ndi mtengo wake. Chithunzi cha pa foni chimapangidwa ndi timadontho ting'onoting'ono. Mafoni ambiri amasunga timadontho 4,000 m'litali ndi 3,000 m'lifupi, tonse pamodzi 12 miliyoni. Mukadula theka la m'litali ndi theka la m'lifupi, mumatsala ndi 2,000 kwa 1,500, ndiye kuti 3 miliyoni, gawo limodzi mwa anayi. Zimenezi zikukwanabe pepala la 10 kwa 15, limene limafuna pafupifupi 1,800 kwa 1,200 kuti lioneke bwino. Mukapitirira apo, nkhope imayamba kuoneka mwachimbuuzi. Komanso WhatsApp imachepetsa chithunzi potumiza. Chotero dulani chithunzi chenicheni cha mu foni imene inajambula, ndipo ngati wina akufuna kukatsukitsa, mutumizireni ngati Document kuti chifike chathunthu.

Pamene lumo limanama

Tsopano tafika pa nkhani yolemera. Mu Januwale 2020, ku Davos m'dziko la Switzerland, atsikana asanu olimbikitsa za kusintha kwa nyengo anajambulidwa pamodzi. Mmodzi wa iwo anali Vanessa Nakate wa ku Uganda, amene anaima kumapeto kwa mzere. Bungwe la nkhani la Associated Press linatulutsa chithunzicho Nakate atadulidwa, n'kutsala Greta Thunberg ndi anzake atatu a ku Ulaya. Poyamba bungweli linafotokoza kuti wojambula anadula pofuna kuti chithunzi chioneke bwino, chifukwa nyumba imene inali kumbuyo kwa Nakate inkasokoneza. Koma owerenga anaona chithunzi chonena kuti pa nkhani imeneyi panalibe munthu wa mu Africa. Anthu ambiri anakwiya, ndipo bungwelo linapepesa.

Taonani: chifukwa chimene anapereka ndi chomwe tayamba nacho, kuchotsa chosokoneza. Koma lumo linadutsa malire, linachotsa munthu amene anali mbali ya nkhani. Zotere sizichitika ku Ulaya kokha. Pa chithunzi cha banja, amene amaima kumapeto nthawi zambiri ndi amene alinso kumapeto pa moyo wa pakhomo: mwana wamasiye amene tikumulera, mwana wopeza, mayi wa kunyumba ina, gogo amene anachedwa kufika ndi ndodo yake. N'kosavuta kunena kuti tinadula kuti chithunzi chikome. Koma mwanayo adzakula, adzaona chithunzi chili pakhoma, ndipo adzazindikira phewa lake pamphepete. Bala lotero silipola msanga.

Pali njira yosavuta yodziyesera. Musanasunge chithunzi chodulidwa, dzifunseni mafunso awiri. Kodi munthu amene ndamuchotsayu ataona, ndingathe kumuuza chifukwa chake popanda kugwetsa nkhope? Kodi wolandira chithunzichi ataona chathunthu, anganene kuti ndinamunamiza? Wogulitsa bwato amene wadula mbali yong'ambika, kapena womanga nyumba ndi ndalama za m'bale wa ku Joni amene wadula khoma losatha, sanakongoletse chithunzi. Wachita chinyengo, monga wobera pa sikelo. Mawu onama ndi chithunzi chonama ndi pachibale.

Nyanja yathu imatiphunzitsanso kusamala. Chiuta ndi nyanja yosaya, ya m'malire a Malawi ndi Mozambique, imene imakula ndi kuchepa malinga ndi mvula. Madzi ake akachuluka amapita ku Amaramba ndi kumtsinje wa Lugenda. Nyanja inzake ya Chilwa, imene yasiyana ndi Chiuta ndi mtunda wa mchenga, inauma mu 1968 ndi mu 1995, ndipo inaphwanso kwambiri mu 2018. Pa chithunzi cha pagombe, mtengo kapena mwala umene ukuoneka ngati wosokoneza ukhoza kukhala muyeso wokhawo wosonyeza pamene madzi anafika chaka chimenecho. Zaka makumi awiri zikubwerazi, adzukulu adzafuna mtengo umenewo kuposa malaya amene tinavala.

Chimodzimodzi pa za usodzi. Chapakati pa zaka za m'ma 1990, asodzi a ku Chiuta anagwirizana zokana makoka a nkacha amene ankasesa nsomba ndi zazing'ono zomwe, ndipo anakhazikitsa makomiti a m'magombe. Ngati komiti ikujambula chithunzi choti chikhale umboni kwa amfumu kapena kwa alangizi a za usodzi, chimenecho chisadulidwe konse. Ukonde, bwato, malo ndi anthu zioneke monga zinalili. Chithunzi cha umboni chikangodulidwa, wotsutsa amapeza poyambira.

Pamene kudula ndi ulemu

Tisaganize kuti kuchotsa munthu pa chithunzi n'kolakwa nthawi zonse. Pagombe ndi pamene amayi amachapa ndi kusamba, ndi pamene ana amasewera osavala. Mukajambula bwato lanu latsopano, kumbuyo kukhoza kulowa mayi amene mpango wake wagwa kapena mtsikana amene sanadziwe n'komwe kuti pali kamera. Ameneyu sali mbali ya nkhani yanu, ndipo sanakupatseni chilolezo. Kumudula musanatumize ndi kumusungira ulemu, monga mungafunire kuti wina asungire mlongo wanu. Chithunzi chikangolowa pa Facebook kapena pa gulu la WhatsApp, simungachiitanenso kuti chibwerere. Ngati simungathe kumuchotsa popanda kuwononga chithunzi, musachitumize.

Dulaninso zinthu zimene zingaike banja pa ngozi: nambala ya chiphaso cha unzika imene yaonekera pa tebulo, kalata ya kuchipatala, kapena nambala ya foni yolembedwa pakhoma.

Sungani chathunthu

Madzi akatayika saoleka. Mafoni ena amasunga chithunzi choyamba mukadula, ena amachifafaniza n'kusiya chodulidwacho. Musanayambe, pangani kope, kapena posunga sankhani pamene pakuti Save copy. Mukatero mukhoza kuyesa kadulidwe katatu kapena kanayi, n'kuonetsa a pabanja kuti asankhe. Ana amene amathamanga ndi mafoni kuposa ife aphunzitseni zimenezi, pamodzi ndi mafunso awiri aja.

Zithunzi zakale za papepala, za nthawi ya filimu, musazikhudze ndi lumo ngakhale pang'ono. Zambiri mwa izo zilibe chinzake kwina kulikonse. Zijambuleni ndi foni pamthunzi masana, mutaziika pamalo osalala, ndipo mudule kope la mu foniyo. Kuseri kwa pepalalo lembani ndi pensulo maina a onse amene alipo, mudzi ndi chaka, agogo akadali moyo kuti akuuzeni. Kawirikawiri munthu amene waima pamphepete, amene lero palibe akumulabadira, ndi amene adzukulu adzafunse kuti, kodi awa anali ndani?